Mwana Wobadwira Kunyumba Nayenso Ayezedwe Magazi

Ku Katuli, kufupi ndi malire a Mozambique, si mayi aliyense amene amafika kuchipatala matenda akayamba. Ena amachirira panjira, ena m'nyumba usiku. Popeza m'midzi yambiri mafumu amalipiritsa chindapusa mayi akachirira pakhomo, banja limangoti zii, mwana n'kutuluka m'chikuta asanaonedwe ndi namwino.

Mantha amenewa amapweteka mwana. Khanda lobadwa kwa mayi amene ali ndi kachilombo ka HIV liyenera kuyamba kumwa nevirapine litangobadwa, ndipo likakwanitsa masabata 6 limatengedwa magazi. Namwino amabaya pang'ono kuchidendene n'kudontheza magazi pakapepala kapadera. Akauma amatumizidwa ku labotale. Kuyeza kwa pompopompo kwa akuluakulu kuja sikuthandiza pa msinkhu umenewu, chifukwa khanda limakhala lidakali ndi asilikali ochokera m'thupi la mayi ake. Ku labotale amafufuza kachilombo kenikeniko. Mwanayo amayezedwanso pa miyezi 12 ndi 24, poti angathe kukatenga poyamwa.

Kuzengereza n'koopsa. Mwa makanda amene ali ndi kachilomboka koma salandira ma ARV, pafupifupi theka amamwalira asanakwanitse zaka 2, ngakhale ena amaoneka onenepa bwino miyezi yoyamba.

Abale a m'tauni akamva kuti kumudzi kwabadwa mwana, asamangotumiza chitenje ndi sopo. Afunsenso ngati mayi anayezedwa magazi, ngati mwana walembedwa kusikelo, ndipo ngati vuto ndi ndalama ya kabaza yopitira kuchipatala cha Katuli, aitumize sabata yomweyo.