Ndani Adzakhala Barnaba wa Mkhristu Watsopano?

Werengani: Machitidwe 9:26-28, 18:24-26, 1 Atesalonika 2:7-8



Pa msonkhano wa chitsitsimutso timaimba ndi kululuta poona anthu alikulapa. Akulu a mpingo amalemba maina ao ndipo amalowa kalasi. Koma tikawerenganso patapita miyezi itatu, amakhala atatsala angati?

Mai wina wa m'dera lathu, amene anali kuphika kachasu, anatembenuka mtima nasiya nchitoyo. Anali kukhala pa benchi yakumbuyo, osadziwa potsegula Baibulo. Tonse tinali kumpatsa moni pa tchalichi, koma palibe amene anaponda pakhomo pake, ngakhale ine. Chakudya chitasowa m'nyumba, anabwerera ku mowa. Nditakumana naye kuchigayo anati, "Amai, amene anabwera kudzandiona ndi anzanga akumowa." Mau aja amandilasa mpaka lero.

Saulo atafika ku Yerusalemu, ophunzira anamuopa chifukwa anadziwa mbiri yake yozunza mpingo. Barnaba yekha ndiye anamtenga, napita naye kwa atumwi, namchitira umboni. Phunziro lathu ndi ili: moni wa gulu sukwanira. Mkhristu watsopano aliyense asowa munthu mmodzi womudziwa dzina ndi pakhomo.

1. Tengani mmodzi. Atsogoleri a Chigwirizano apemphe kwa akulu a mpingo maina a azimai ndi atsikana amene alowa kalasi, ndipo aliyense apatsidwe mai womuyang'anira. Tsiku la Sabata kamtengeni kunyumba, khalani naye benchi imodzi, mtsegulireni nyimbo ndi ndime ya m'Baibulo.

2. Mphunzitseni mofatsa ndi pambali. Apolo analalikira ku Efeso akudziwa ubatizo wa Yohane wokha. Priskila ndi Akula sanamchititse manyazi m'sunagoge, koma anamtenga namfotokozera bwino. Ku sukulu ndaona kuti mwana amene wasekedwa m'kalasi sakwezanso dzanja. Ngati mwaona chithumwa m'khosi mwa mwana wake, kalankhuleni naye kunyumba. Mthandizeni mafunso a Katekisma. Ngati sadziwa kuwerenga, muwerengereni Uthenga wa Marko pang'onopang'ono, ndipo mphunzitseni kupemphera m'mau akeake.

3. Onani za pakhomo pake. Amene wasiya nchito yauchimo wasiyanso ndalama zimene anali kudyetsera ana. Yakobo 2:15-16 atichenjeza kuti mau abwino opanda chakudya alibe phindu. Mlowetseni m'chilimba chanu, muonetseni kusoka, kuphika vitumbuwa kapena kulima dimba, ndipo dziwitsani atumiki. Pa matenda ndi pa maliro, ife tikhale oyamba kufika ndi nkhuni ndi ufa. Ngati amuna ake samlola kupemphera, musakangane nao. Uzani abusa ndi akulu kuti akacheze nao mwaulemu.

4. Sungani chinsinsi. Akakuuzani za moyo wake wakale, za banja lake, kapena kuti ali ndi kachilombo ka HIV, zithere mwa inu. Ambiri athawa mpingo chifukwa nkhani yao inamveka pa chitsime, ina mwa njira ya "tiyeni timpempherere".

5. Musalekere pa ubatizo. Patapita zaka, Barnaba anakafunanso Saulo ku Tariso, ndipo anaphunzitsa pamodzi chaka chathunthu ku Antiokeya (Machitidwe 11:25-26). Wobatizidwa mpatseni kanchito, monga kusesa m'tchalichi, kuimba m'kwaya kapena kukuperekezani koona odwala. Akagwa, mbwezeni ndi mtima wofatsa monga Agalatiya 6:1 atiphunzitsa.

Tonse tidziwa mbande za tomato. Zikangookeredwa zimafota, ndipo zifuna madzi m'mawa ndi madzulo mpaka zitagwira. Akulu anati m'mera mpoyamba. Wokulitsa ndi Mulungu yekha (1 Akorinto 3:6-7), koma kuthirira anatipatsa ife. Mpingo wathu unayambira pa Magwero mu 1899, ndipo wafika kwa ife chifukwa m'badwo uliwonse panali anthu olera anzao. Paulo anadziyerekeza ndi mai wolera ana ake. Nanga ife amene tidziwa kubereka mwana kumbuyo, tilephere bwanji?

Mafunso okambirana
(a) Ndani anakugwirani dzanja pamene munali watsopano, ndipo anachita chiani?
(b) Tchulani amene analowa kalasi m'dera lanu koma saonekanso. Ndani adzapita kukawaona sabata ino?
(c) Ndi makhalidwe ati a ife amai a Chigwirizano amene amaopsa alendo?

Pemphero
Atate wathu wa Kumwamba, tikhululukireni chifukwa cha ana anu amene tinawalekerera. Tipatseni mtima wa Barnaba, miyendo yofika pakhomo pao ndi pakamwa posunga chinsinsi. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.