Mawu akuti bickering

Mayi athu a ku Champhira, kalata yanu yatipeza. Mwafunsa za mawu a Chingerezi akuti "bickering" amene mwana wanu wakumana nawo pokonzekera mayeso a MSCE. Amatanthauza kukangana pa tizinthu tating'onoting'ono, mobwerezabwereza, popanda nkhonya. Ana akamakankhirana ntchito yotsuka mbale madzulo aliwonse, kapena amayi ogulitsa tomato pa Jenda akamalimbana kuti dengu la wina lalowerera malo a mnzake, ndiye bickering imeneyo. Koma mkangano wa malire a munda wofika ku bwalo la Inkosi, ayi, mawuwa achepa. Umenewo amati "dispute", ndipo mwanayo asasokoneze ziwirizi. Polemba chiganizo, aike "bicker with" kenako dzina la munthu wokangana naye, ndi "over" kapena "about" kenako chinthu chomwe akukanganiranacho.