Kope la usiku: tidziwerengere tisanagone



Tikafunsa wophunzira wa Fomu 4 kuti wawerenga bwanji sabata ino, yankho limabwera msanga: "Kwambiri, aphunzitsi." Tikafunsa mutu umene anawerenga Lachiwiri madzulo, amangokanda m'mutu. Sikuti akunama ayi. Mtima wa munthu umasunga zomukomera n'kutaya zomuchititsa manyazi, ndipo ife aphunzitsi tili chimodzimodzi. Mankhwala ake ndi otsika mtengo: kope limodzi ndi cholembera.

Mu Surat Al-Hashr, ndime 18, Allah akutilamula kuti aliyense aziyang'ana zomwe watsogoza za mawa. Maulama amatcha mwambowu muhasaba, kutanthauza kudziwerengera wekha monga amachitira mwini golosale akamatseka madzulo: zalowa zingati, zatuluka zingati, ngongole yatsala kwa ndani. Harith al-Muhasibi, yemwe anamwalira ku Baghdad m'chaka cha 857, anapatsidwa dzinali chifukwa cha khalidwe limeneli. Mumzinda womwewo, Ibn al-Banna ankalemba zochitika za tsiku ndi tsiku, ndipo masamba ake a m'zaka za 1068 ndi 1069 alipo mpaka lero.

Nanga ife tipindula chiyani?

Choyamba, kope silikondera. Ngati talemba kanayi sabata imodzi kuti "Fajr yandidutsa", sitinganenenso kuti zinangochitika mwangozi. Tikabwerera m'mbuyo, mwina tipeza kuti masiku anayi onsewo tinagona mochedwa chifukwa cha foni kapena macheza. Vuto likaoneka gwero lake, kulithetsa sikuvuta. N'chimodzimodzi ndi maphunziro: amene amalemba mitu imene wawerenga amadziwa msanga kuti Biology akuikonda koma Masamu akuwazemba, mayeso a MSCE asanamuuze mowawa.

Chachiwiri, kulemba kumaziziritsa mtima. Mnzathu akatilakwira, mawu amene tikanamulasa nawo tiyambe tawaika papepala. Tikawawerenga m'mawa, kawirikawiri timapeza kuti nafenso tinali ndi mbali yathu, ndipo kupepesa kumapepuka.

Chachitatu, kope limatikumbutsa kuthokoza. Fizi imene inatisowetsa tulo mu Januwale, pofika Juni tinaiwala kuti inalipidwa, ndiponso amene anatuluka thukuta kuti ipezeke. Tsamba lakale limatikumbutsa onse awiri: Allah amene anapereka, ndi kholo limene linavutika.

Kayambidwe kake nkosavuta. Tikatha swala ya Isha, tipatule mphindi zisanu. Tilembe deti, kenako tiyankhe mafunso atatu: Lero ndachita chabwino chanji? Ndalakwitsa pati, ndipo ndalakwira ndani? Mawa ndikonza chiti? Pa funso lomalizali tisankhe chinthu chimodzi chokha chimene tingathedi. Lachisanu lililonse tiwerenge za sabata yonse. Tikadumphitsa tsiku tisataye mtima, tingopitiriza pamene tafika.

Tisamale zinthu ziwiri. Kopeli ndi lowerengera zathu, osati zolakwa za anzathu. Miseche ndi miseche ngakhale italembedwa ndi inki. Komanso ndi lachinsinsi. Zimene talemba kuti anthu aone pa WhatsApp timazikometsera, ndipo zikatero phindu lonse latha. Choncho tisatsegule kope la mnzathu, ngakhale titalipeza pabedi ku hositelo.

Tiyeni tiyambe usiku uno. Pakutha pa teremu, insha Allah, aliyense adzatsegule tsamba lake loyamba n'kudzionera yekha pamene wachokera.