Matope Akukana Kutsika Pansi

Funso: Ndimagwira ntchito pamalo oyeretsera madzi a suweji. Masiku ano madzi ochokera m'thanki yomaliza akutuluka ndi timatope. Ndingayeze bwanji ngati matope athu akutsika bwino?

Yankho: Bambo, mwachita bwino kufunsa msanga, chifukwa matope amenewo ndiwo tizilombo todya zonyansa, ndipo akathawa ntchito yonse imaima. Tungani madzi kumapeto kwa thanki yopopera mpweya, muthire mu silinda ya lita imodzi, muiike pamthunzi osaigwedeza. Pakatha mphindi 30 werengani pamene matope alekezera, tinene mamililita 300. A ku labu akuuzeni kulemera kwa matope ouma mu lita ya madzi omwewo, tinene magalamu 3. Gawani 300 ndi 3, mupeza 100. Imeneyo ndiyo SVI, nambala yosonyeza mmene matope akutsikira, ndipo 100 ndi yabwino. Ikapitirira 150, kawirikawiri mabakiteriya aatali ngati ulusi achuluka, mwina chifukwa mpweya wachepa.

Koma musangodalira nambala. Khalani pomwepo mphindi zisanu zoyambirira, muone ngati timatope tikugwirana m'timibulu, madzi apamwamba n'kuyera. Mukaisiya silindayo kwa maola angapo matope n'kuyandama, ndiye kuti mpweya wa nayitrojeni ukuwanyamula. Pamenepo fulumizani kubweza matope ochokera m'thanki yomaliza kupita m'thanki yopopera mpweya.