PHUNZIRO: NTCHITO YA M'MUNDA WA MPHESA

Abale ndi alongo, nyengo yokolola mphesa ikayandikira, ambiri mumatifunsa za ganyu ku minda ya ku Virginia. Tiyeni tiphunzire limodzi, poti safunsa anadya phula.

Munda umodzi wachitsanzo

Mukatsata msewu wa I-66 kuchokera ku Washington, patatha ola limodzi ndi mphindi zingapo mufika ku Linden, m'mapiri a Blue Ridge. Kumeneko kuli Linden Vineyards. Mwini wake, a Jim Law, anaphunzitsapo zaulimi ku Zaire kwa zaka ziwiri. Mu 1983 anagula munda wosiyidwa wotchedwa Hardscrabble, mu 1985 anabzala mphesa, ndipo vinyo woyamba anapangidwa mu 1987. Taonani, zaka zinayi asanalawe kanthu! Mphesa si chimanga: zimatenga pafupifupi zaka zitatu kuti ziyambe kubereka.

Ulimiwu ngovuta kuno. Chinyontho chimabweretsa chuku, ndipo ngakhale Thomas Jefferson anayesa kwa zaka zambiri ku Monticello koma vinyo sanatuluke. Mu 2018 kachilombo koyamwa madzi a mumtengo, spotted lanternfly, kanapezeka ku Winchester. N'chifukwa chake minda yambiri imapoperedwa mankhwala kawirikawiri.

Ntchito imayenda bwanji?

M'nyengo yozizira amadulira nthambi. Kukatentha amamangirira mphukira ku mawaya ndi kuchotsako masamba kuti mphepo idutse. Kuyambira kumapeto kwa Ogasiti mpaka Okutobala amakolola. M'minda yaing'ono amadula phava lililonse pamanja, n'kutaya zowola.

Akafuna vinyo woyera amafinya mphesa kaye n'kutaya makoko. Wofiira amamusiya awire pamodzi ndi makoko ake, ndiwo amapereka mtundu. Yisiti imadya shuga n'kusandutsa mowa, ngati momwe masese amawirira kwathu. Kenaka vinyo amakhala miyezi yambiri m'migolo yamatabwa.

Tisamale moyo

Choyamba, vinyo akamawira amatulutsa mpweya wa carbon dioxide. Suoneka, ndiponso umalemera kuposa mpweya wamba, motero umadikha pansi pa thanki. Munthu amangokomoka osadziwa. Musalowe kapena kuweramira m'thanki muli nokha, mpweya usanayezedwe.

Chachiwiri, lamulo la EPA lotchedwa Worker Protection Standard limati olima mphesa aziphunzitsa antchito za mankhwala chaka chilichonse, m'njira yoti amve, ndi kuwapatsa madzi, sopo ndi zopukutira. Akapopera, pali maola oletsedwa kulowa m'mundamo. Funsani kapitawo, si mwano ayi. Mankhwala akakukhudzani, imbani 1-800-222-1222, zikavuta, 911.

Chachitatu, imwani madzi ludzu lisanakupezeni. Madzulo dziyang'aneni nkhupakupa, chifukwa za kuno zimafalitsa matenda a Lyme.

Chachinayi, khalani ndi kakope. Lembani tsiku, nthawi yoyambira ndi yowerukira, komanso makreti amene mwadzaza. Musanayambe mumvane: malipiro ndi a pa ola kapena pa kreti? Mawu apakamwa amauluka, zolemba zimatsala. Malipiro akaperewera, tibweretsereni kakopeko tione pothandiza.

Mafunso okambirana

1. N'chifukwa chiyani thanki imene mwangochotsedwa vinyo ingaphe munthu?
2. Mungatani kapitawo atakuuzani kulowa m'munda umene wangopoperedwa kumene?
3. Kodi mwalemba maola anu a sabata ino?