Chitsamba Chonunkhira cha Pamthunzi

Ana anga a pa Chimbiya, za mbatatesi ndi tomato palibe chokuphunzitsani. Koma ambiri mukamanga nyumba mumasiya kuseri kuli fumbi lokhalokha, ati pamthunzi sipamera kanthu. Pamamera. Dzalanipo Brunfelsia, chitsamba chija ogulitsa mbande amachitcha Yesterday, Today and Tomorrow. Kwawo ndi ku South America, makamaka ku Brazil, ndipo ndi chapachibale ndi mbatatesi, tomato ndi fodya.

Chimachita maluwa mu Sepitembala ndi Okutobala, udzu wonse utauma. Duwa limatuluka lapepo, kenaka limayamba kutuwa, pomaliza layera mbee, moti chitsamba chimodzi chimavala mitundu itatu nthawi imodzi. Fungo lake limamveka bwino madzulo, choncho chiikeni pafupi ndi khonde.

Mthunzi wake musankhe bwino. Chimafuna dzuwa la m'mawa, masana chibisale. Mukachipanikiza pa mdima wa tsinde la mango chidzakupatsani masamba okha. Pansi pa bulugamu musayese n'komwe, mizu yake imamwa madzi onse.

Mbande musathamangire kugula. Chitsamba chachikulu chimatulutsa mphukira m'mbali; pemphani kwa amene ali nacho, mukumbe ndi mizu yake mu Disembala mvula itakhazikika. M'dzenje thiranimo manyowa owolerana bwino. Koma phulusa ayi! Ndikudziwa, manja athu anazolowera kuwaza phulusa paliponse poopa chiswe, koma chitsambachi chimakonda dothi la asidi pang'ono. Phulusa likachuluka masamba amasanduka achikasu, mitsempha yokha n'kutsala yobiriwira. Phimbirani ndi masamba ouma a paini, omwe kuno kufupi ndi nkhalango ya Chongoni sasowa, koma asagunde tsinde.

Chisanu cha Juni ndi Julayi chikayoyola masamba ena musazule, sichinafe. Kuyambira Ogasiti thirirani chidebe chimodzi kawiri pa sabata. Kudulira nthambi dikirani maluwa athe. Wodulira mu Julayi amataya maluwa a chaka chimenecho. Ndipo chaka choyamba musayembekezere zambiri, chimayamba ndi kuzika mizu.

Chitsamba chonsechi ndi chapoizoni, makamaka tizipatso take, ndipo agalu amakonda kutitafuna. Chidzaleni kutali ndi khola la mbuzi ndi nkhumba. Maluwa akangoyoyoka, thyolani tizipatso tonse mukatikwirire, mwana wokwawa asanatitole.