"Saluma Uyu": Malangizo kwa Oweta Pit Bull Pakhomo Pomwe Pali Ana

Mayi wogulitsa masamba waima pageti, dengu lili pamutu, ndipo sakufuna kulowa chifukwa waona chigalu cha mutu waukulu chili chigonere pakhonde. Mwini nyumba akuseka: "Lowani amayi, saluma uyu." Mwina akunena zoona, galu wakeyo sanalumepo munthu. Koma galu aliyense amene analuma mwana anali ndi tsiku lake loyamba, ndipo dzulo lake mwini wake ankanena mawu omwewa.

Agalu a mtundu wa pit bull ayamba kuoneka m'mipanda ya m'matauni mwathu, ndipo ku South Africa, kumene abale athu ambiri amagwira ntchito m'nyumba ndi m'minda ya maluwa, ndi ambiri zedi. Ena amati galuyu ndi chilombo, ena amati ndi mlezi wa ana, ndipo onsewa akukokomeza. Pit bull ndi galu wamphamvu kwambiri amene akagwira sakonda kusiya, choncho cholakwa chimene kwa galu wamba chikanathera pa kachilonda, kwa iye chingathere kumanda. Kufatsa kwake sikokwanira kuteteza mwana popanda dongosolo limene inu mwaika pakhomo. Nazi njira zoyenera kutsata.

1. Dziwani kumene galuyu anachokera

Makolo a pit bull anachokera ku Britain m'zaka za m'ma 1800. Anthu ankakweretsa agalu a mtundu wa bulldog, omwe ankawagwiritsa ntchito pa masewera olumitsa ng'ombe zamphongo, ndi agalu ang'onoang'ono achangu otchedwa terrier. Boma litaletsa masewera ankhanzawa mu 1835, anthu anayamba kumenyanitsa agalu okhaokha mobisa, ndipo ankasankha galu wosagonja ngakhale atavulala. Agaluwa anafika ku America, kumene bungwe la United Kennel Club linawalemba m'kaundula mu 1898 ndi dzina lakuti American Pit Bull Terrier.

Mbiri imeneyi ikutiuza zinthu ziwiri. Choyamba, agalu ambiri a mtunduwu amakonda anthu kwambiri, amafuna kukhala pafupi ndi mbuye wawo, ndipo amaphunzira msanga. Chachiwiri, ambiri sagwirizana ndi agalu anzawo, ndipo kanthu kakathamanga, kaya nkhuku, mphaka kapena mbuzi, mtima umawauza kuthamangitsa. Khalidwe lolimbana ndi agalu ena nthawi zambiri silioneka ali kamwana. Limayamba kutuluka akamakhwima, pakati pa chaka chimodzi ndi zaka zitatu, nthawi imene mwini wake wakhulupirira kale kuti amamudziwa.

Nkhani yakuti nsagwada zake zimakhomeka ngati loko si yoona. Pakamwa pake anapangidwa ngati pa galu wina aliyense. Chosiyana ndi khama: amagwira, n'kumagwedeza mutu, osasiya. Galu wamphongo amalemera makilogalamu 16 mpaka 27, yomwe ndi sikelo ya mwana wa sitandade 1 kapena 2, koma thupi lonse ndi minofu.

2. Dzifunseni mafunso musanapereke ndalama

Kodi mpanda wanu ndi wa njerwa kapena wa udzu? Kodi mumakhala panokha, kapena pa loti ya nyumba zinayi zalendi pomwe ana a anthu ena amasewera pabwalo limodzi? Kodi pali munthu wamkulu amene angayende naye tsiku lililonse? Kodi ndalama ya chakudya, katemera ndi mankhwala a nkhupakupa ilipo mwezi ndi mwezi? Ngati pa mafunso amenewa pali limodzi lomwe mukukayikira, dikirani. Ngati pakhomo pali khanda kapena mwana wongoyamba kuyenda ndipo simunawetepo galu wamkulu, sankhani mtundu wina. Galu wachikuda woleredwa bwino amauwa mbala chimodzimodzi, ndipo kuuwako ndi kumene kumathamangitsa akuba ambiri.

Amene muli kunja kwa dziko lino, yambani mwafunsa malamulo. Ku Britain lamulo la Dangerous Dogs Act la mu 1991 linaletsa pit bull, ndipo kuyambira pa 1 February 2024 ku England ndi ku Wales n'kosaloledwa kukhala ndi mbale wake, XL Bully, popanda chikalata chapadera. Ku South Africa galuyu ndi wololedwa, ngakhale kuti mu 2022, ana angapo ataphedwa, anthu ambiri anasaina chikalata chopempha boma kuti limuletse. Koma lamulo la kumeneko la Animal Matters Amendment Act la mu 1993 limati mwini chiweto chimene chavulaza munthu chifukwa cha kusasamala kwake angalipitsidwe chindapusa kapena kumangidwa mpaka zaka ziwiri.

3. Sankhani kagalu poona make

Musagule kagalu ka mukatoni pamsewu kapena kongoona pa chithunzi cha pa WhatsApp. Pitani kumene kanabadwira, mukaone make, ndipo ngati n'kotheka bambo wake. Ngati wogulitsa akunyadira kuti "make ndi woopsa, palibe amayandikira," bwererani ndi ndalama zanu. Mantha ndi ukali zimayenda m'magazi. Make akhale galu amene mwini wake akakulonjerani nayenso amamasuka.

Kagalu kasachoke kwa make kasanakwane masabata asanu ndi atatu. M'masabata amenewa kamaphunzira kwa make ndi abale ake kuti kuluma mwamphamvu kumathetsa masewera. Pa tiana tonse, pewani kamene kakubisala pakona n'kumanjenjemera, komanso kamene kakulumalumabe anzake ngakhale akulira.

4. Gwiritsani ntchito miyezi itatu yoyamba

Mpaka pa masabata 14 kapena cha pamenepo, kagalu kamalandira zinthu zachilendo mosavuta. Nthawi imeneyi ikadutsa, chilichonse chimene sikanachionepo kamachikayikira. Choncho kaonetseni dziko mwaulemu: agogo oyenda ndi ndodo, bambo wovala chisoti cha kabaza, mayi wobereka mwana, ana akusewera fulaye, njinga, wilibala, phokoso la jenereta. Pa chilichonse chatsopano kapatseni kachidutswa ka chakudya, kuti kadziwe kuti mlendo amabwera ndi zabwino. Popeza katemera wake amakhala asanathe, musakasiye pansi pamalo pomwe pamayenda agalu osadziwika.

Phunzitsani mawu ochepa, ndipo onse pakhomo agwiritse ntchito mawu omwewo: "bwera," "khala," "siya," "kukhola." Mawu akuti "siya" ndiwo ofunika koposa. Kagalu kakagwira chingwe kapena mpira, ikani kanyama pamphuno pake, nenani "siya," kakatsegula pakamwa kapatseni kanyamako, kenako kabwezereni choseweretsacho. Chitani zimenezi mphindi zisanu tsiku lililonse. Galu amene anaphunzira kuti kusiya kuli ndi malipiro amadzamvera tsiku limene wagwira chosayenera.

Pali chizolowezi chotsekera galu m'kakhola kamdima tsiku lonse, kumumenya, ngakhale kumudyetsa tsabola kapena chamba kuti akhale wolusa. Galu wotere amasanduka wamantha wosasiyanitsa mbala ndi mdzukulu wanu, ndipo sangakhale mlonda. N'chimodzimodzi galu wokhalira pa tcheni: alibe kothawira, ndiye aliyense wofika pafupi amamuona ngati mdani.

5. Konzani mpanda ndi geti

Pit bull amakwera mpanda, amalumpha, amakumba. Mpanda ukhale wotalika mamita 1.8 kapena kuposa, wopanda mulu wa njerwa, mchenga kapena migolo pafupi yoti apondepo, ndipo pansi pake pakhale posakumbika.

Ngozi zambiri zimachitikira pageti. Ganizirani nthawi ya 3 koloko masana: galimoto yaliza hutala, mnyamata wantchito wathamanga kukatsegula, mumsewu mukudutsa ana ochokera kusukulu akuthamangitsana, ndipo galu wadutsa pakati pa miyendo ya mnyamatayo. Lamulo likhale limodzi: geti lisatsegulidwe galu asanatsekeredwe. Mangani khola lalikulu la mthunzi ndi madzi, lokhala ndi chitseko chake ndi loko yomwe mwana sangatsegule. Ikani chikwangwani pageti kuti owerenga mita, aganyu ndi alendo adziwe. Uzaninso ana oyandikana nawo kuti mpira ukagwera mkati agogode, asalumphe mpanda. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo ndi iyeyo amene galu wanu samudziwa.

6. Mwana ndi galu asatsale awiriwiri

Ili ndi lamulo lalikulu kuposa onse. Kuyang'anira kumafuna munthu wamkulu ali pomwepo, maso ali pa iwo, dzanja lingathe kufika. Kukhala kukhitchini chitseko chili chotsegula n'kosakwanira. Mwana wazaka 10 sangayang'anire mng'ono wake pamaso pa galu wotere. Mukafuna kukaphula ndiwo kapena kuyankha foni, nyamulani mwana kapena tsekerani galu. Khanda lisagonekedwe pamkeka pansi galu ali womasuka, chifukwa kalilidwe ndi kagwedezedwe ka khanda kangadzutse mtima wosaka.

Ana aphunzire izi ngati mmene amaphunzirira kuwoloka msewu: osayandikira galu akudya, akugona, akudwala kapena ali ndi ana, osamukwera pamsana, osamukoka makutu kapena mchira, osamukumbatira m'khosi kapena kuika nkhope pankhope yake, osamulanda fupa, osamugenda kapena kumuputa pampanda. Mwana asayende ndi mandasi kapena chimanga m'manja pomwe pali galu, pakuti dzanja la mwana lili pa msinkhu wa pakamwa pa galu. Ana a alendo akabwera n'kuyamba kuthamangitsana ndi kukuwa, galu apite kukhola, ngakhale atakhala wozolowera ana a pakhomo. Iye sadziwa kuti kulimbana kwa ana ndi masewera.

Galu wachilendo akawathamangira, ana asathawe kapena kukuwa. Aime chilili ngati mtengo, manja ali pathupi, maso ali pansi. Akagwetsedwa, adzipinde, chipumi pamaondo, manja ataphimba makutu ndi khosi.

7. Phunzirani kuwerenga galu

Anthu amati "anangoluma mwadzidzidzi," koma kawirikawiri galu amakhala atachenjeza ndipo palibe anamva. Yang'anani pamene kamwana kakukwawira kwa galu wogona pakhonde. Galu atembenuzira mutu kumbali. Anyambita milomo. Ayasamula ngakhale sali ndi tulo. Makutu apita kumbuyo, choyera cha m'maso chioneka. Kenako thupi lonse liuma gwa, pakamwa patsekeka, mpweya ngati waima. Kuuma kumeneko ndi chenjezo lomaliza. Musakalipe, itanani galu modekha, wina anyamule mwana. Kugwedeza mchira sikutanthauza chimwemwe nthawi zonse: mchira woimirira, wolimba, wogwedezeka pang'onopang'ono ndi wa galu wokonzeka.

Galu akadzuma, musamumenye. Kudzuma ndi njira yake yonenera kuti "zandikwana." Mukamulanga, adzasiya kuchenjeza koma sadzasiya kuluma. Chotsani chimene chamusowetsa mtendere, ndipo pitani naye kwa dokotala wa ziweto, chifukwa dzino, khutu kapena mwendo wopweteka zimasintha khalidwe.

8. Samalani thupi lake

Katemera wa chiwewe ayambe ali ndi miyezi itatu, n'kumabwereza monga alangizi a ziweto anenera. Bungwe la World Health Organization limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, ambiri ku Africa ndi ku Asia, ndipo anayi mwa khumi alionse olumidwa ndi nyama zoganiziridwa chiwewe ndi ana osakwana zaka 15. Ku Blantyre bungwe la Mission Rabies lakhala likubaya agalu katemera kuyambira mu 2015, ndipo ku Lilongwe kuli bungwe losamalira ziweto la LSPCA. Sungani khadi la katemera pamalo odziwika.

Ngati simukuweta kuti aziswana, mufuleni wamphongo ndipo wamkazi atsekedwe kuti asabereke. Izi zimachepetsa kuthawa ndi ndewu za nthawi yokwerana, ngakhale sizichiza ukali. Yendani naye pafupifupi ola limodzi patsiku, m'mawa kapena madzulo kukazizira, ali pa chingwe cholimba m'manja mwa munthu wamkulu. Muzolowezeni chotsekera pakamwa adakali wamng'ono. Mukaweta awiri, adyere kosiyana ndipo asatsale pamodzi popanda munthu.

9. Zikavuta, dziwani chochita

Tsoka silinunkha, choncho kambiranani izi pakhomo zisanachitike. Galu akagwira mwana, musakoke mwanayo kapena galuyo, chifukwa mnofu umang'ambika. Kumenya nthawi zambiri kumangomuwonjezera ukali. Mmodzi agwire mwana kuti asagwedezedwe, wina akulunge lamba kapena chingwe kumtunda kwa khosi la galu, pafupi ndi makutu, n'kukokera m'mwamba mpaka asowe mpweya ndi kutsegula pakamwa. Akangosiya, mutsekereni.

Tsukani bala ndi madzi ambiri ndi sopo kwa mphindi 15. Ngati magazi akutuluka kwambiri, panikizani ndi nsalu yoyera n'kuthamangira kuchipatala. Musathire mchere, phulusa kapena mankhwala azitsamba. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale bala likhale laling'ono, mutatenga khadi la katemera, ndipo dziwitsani a zoona za ziweto. Chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro sichichizika.

Ngati wolumidwa ndi mwana wa eni, pitani nokha kwa makolo ake, lipirani zachipatala, musabise galu. Ndipo galu amene waluma mwana kwambiri asabwerere pakati pa ana. Musamugulitse kapena kumupereka kumudzi mwakachetechete, chifukwa kumeneko kulinso ana. Kambiranani ndi dokotala wa ziweto, ndipo landirani uphungu wake ngakhale utakhala wakuti galuyo agonekedwe.

Mawa mayi wa masamba uja akagogodanso, musamuuze kuti "saluma." Muuzeni kuti, "Dikirani pang'ono amayi, ndimutsekere kaye." Galu wanu sataya kanthu pa mphindi ziwiri zimenezo, ndipo mayiyo adzalowa ndi dengu lake mtima uli m'malo.